Pemphani ndalama, koma musatigulitse chozizwitsa

Nambala ya foni inkangoyenda m'munsi mwa kanema, ikatha n'kuyambiranso. Mlaliki anali atavula jekete, thukuta lili kamukamu, akuloza chala pa kamera ngati akutiona ife amene tinakhala pabalaza m'nyumba ya azakhali anga. Anati Mzimu wamuonetsa anthu 50 amene makomo awo a ntchito ndi a banja atseguke mwezi womwewo, bola afese mbewu ya K50,000 pulogalamu isanathe. Mawu akuti "isanathe" anawabwereza kangapo konse.

Azakhali amagulitsa tomato ndi anyezi pa benchi kumsika. Mwana wawo wamkazi anali atakhala pakhomo zaka zitatu chimalizireni koleji, makalata ofunsira ntchito akungopita osayankhidwa. Anandipatsira kafoni kawo ka mabatani, komangidwa ndi labala kuti batire isagwe.

"Mwanangu, maso angawa usiku saona bwino. Tanditumizira ndiwe."

"Azakhali, ndalama zochuluka chonchi mwazipeza kuti?"

"Ndakongola ku banki mkhonde. Msuweni wakoyu akayamba ntchito tidzabweza."

Ndinayesa kuwauza kuti tidikire kuche, koma anandiyang'ana ndi maso a munthu amene wagogoda paliponse osatseguliridwa, ndipo mawu anandithera. Ndinatumiza. Nditalemba nambala ija, dzina limene linatuluka pa foni silinali la wailesi, silinali la mpingo. Linali dzina la munthu. Ngongoleyo azakhali anaibweza miyezi isanu pamodzi ndi chiwongoladzanja, mpamba wawo unatsika, mpaka anayamba asiya kuoda anyezi. Kuchokera ku wailesi kuja kunabwera foni imodzi yokha, yowauza kuti mbewu yoyamba imafuna kuthiriridwa ndi yachiwiri.

Wina angaganize kuti ndikufuna kunena kuti wailesi za kanema za Chikhristu zisiye kupempha ndalama. Ayi ndithu. Ine ndemwe ndimathandiza imodzi mwa izo mwezi ndi mwezi, ndipo sindikufuna kusiya. Agogo anga, miyendo itawakana, ankamvera Mawu a Mulungu ali gone pa mphasa, kanema ali patsogolo pawo. Mu 2020, matenda a COVID-19 atachepetsa misonkhano, mabanja ambiri anapemphera Lamulungu lawo pamaso pa kanema. Utumiki umenewu ndi weniweni, ndipo umadya ndalama zenizeni.

Ndinalowapo mu situdiyo ina yaing'ono ya Chikhristu. Chinali chipinda chimodzi, makoma ake atakhomedwa matileyi a mazira kuti mawu asamabwerere. Makamera anali awiri, imodzi yomata ndi selotepi pa chogwirira. Pakati pa pulogalamu magetsi anathima, mnyamata wina n'kuthamangira kuseri kukaliza jenereta, kwinaku wotsogolera pulogalamu akupukuta thukuta mumdima, akudikira. Wojambula anandinong'oneza kuti wakhala miyezi iwiri osalandira kanthu. "Timangodzipereka, achimwene," anatero, akupinda chingwe cha maikolofoni. Onjezani pamenepo laisensi ya ku MACRA, ndalama yolipira onyamula siginolo kuti chithunzi chifike pa dikoda yanu, intaneti, lendi, mafuta a galimoto yokajambula misonkhano kumaboma. Kamera ndi kompyuta sizipangidwa kuno. Zimagulidwa ndi madola, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera tsiku limodzi. Wailesi zamalonda zimadalira otsatsa malonda, kuphatikizapo a mowa ndi a juga ya mpira. Wailesi ya Chikhristu yodzilemekeza singalandire ndalama zimenezo. Ndiye ikapanda kupempha kwa oonera, ikapempha kwa yani? Mutu umodzi susenza denga, ndipo palibe manyazi pouza abale kuti denga lalemera.

Vuto langa lili pa kapemphedwe, komanso pa zimene zimachitika ndalama zikalowa.

Njira yopempha pa kanemayi inayambira ku America, ndipo chiyambi chake chinali chosabisa mawu. Pat Robertson anatsegula kawailesi ka kanema ku Portsmouth, m'chigawo cha Virginia, mu 1961. Pofika 1963 kanali pafupi kutsekedwa. Iye anakhala pamaso pa kamera n'kuuza oonera masamu osavuta: wailesiyi imafuna madola 7,000 pa mwezi, choncho pakufunika anthu 700 oti aliyense azipereka madola 10. Dzina la pulogalamu yotchuka ya 700 Club linachokera pamenepo. Pali zambiri zimene Robertson anadzanena m'zaka zotsatira zimene sindigwirizana nazo, koma pempho la 1963 lija linali loyera. Munthu ankadziwa chimene akulipirira, ankadziwa kuchuluka kwa ndalama zofunika, ndipo akanatha kuwerenga yekha ngati zakwana. Sisitere wina wa Chikatolika, Mother Angelica, amene anayambitsa wailesi ya kanema ya EWTN mu 1981 m'galaja ya nyumba ya masisitere ku Irondale, Alabama, ankapempha oonera kuti aziika wailesiyo pakati pa bilu ya gasi ndi bilu ya magetsi. Ankatanthauza kuti aiwerengere ngati chimodzi mwa zolipira za pakhomo, chinthu chimene umachigwiritsa ntchito ndiye uyenera kuchisamala. Kuno kwathu Radio Maria, imene inayamba kuulutsa mawu kuchokera ku Mangochi mu 1999, imachititsa Mariathon chaka ndi chaka, omvera n'kumasonkha kangachepe kalikonse kuti wailesi yawo isatseke pakamwa. Iyo ndi wailesi ya mawu okha, koma mzimu wake ndi womwewo: tili ndi ntchito, ikufuna zakutizakuti, tithandizeni.

Kenako kunabwera kapemphedwe kena. M'malo monena kuti "wailesi ikusowa", mlaliki anayamba kunena kuti "iwe ukusowa, ndipo ukapereka kwa ine kusowa kwako kutha". Amene anafalitsa kwambiri chiphunzitso cha mbewu ya chikhulupiriro ndi Oral Roberts wa ku Tulsa, Oklahoma. Mu January 1987 anauza oonera kuti akapanda kupeza madola 8 miliyoni pofika kumapeto kwa March, Mulungu amutenga. Anthu anachita mantha, ena analira, ndipo ndalama zinabwera zoposa zimene anapempha. Gawo lomaliza, madola 1.3 miliyoni, linachokera kwa mwini bwalo la mpikisano wa agalu ku Florida, malo a juga. Patangopita zaka ziwiri, mu 1989, chipatala chake chachikulu cha City of Faith chinatsekedwa. Sindikuweruza mtima wa munthuyo, ameneyo ali m'manja mwa Mulungu. Koma njira imene anaitsegula ndi yomwe inafika pabalaza la azakhali anga: tsiku lomalizira, mantha, ndi lonjezo lakuti ndalama ikhoza kufulumizitsa dzanja la Mulungu.

Nkhani ya Jim Bakker ndiyo iyenera kudziwika kwa aliyense amene amatchedwa "partner", kutanthauza bwenzi, wa utumiki wa pa kanema. Bakker anaphunzira ntchitoyi kwa Robertson yemwe uja, anathandiza Paul Crouch kuyambitsa wailesi ya kanema ya TBN mu 1973, kenako iye ndi mkazi wake Tammy Faye anayamba pulogalamu yawo ya PTL Club ku Charlotte, North Carolina. Anamanga malo aakulu achisangalalo a Chikhristu otchedwa Heritage USA, n'kumauza oonera kuti aliyense wopereka madola 1,000 akhala bwenzi la moyo wonse, ndipo azigona masiku atatu chaka chilichonse m'hotela ya pamalopo mpaka imfa. Anthu wamba, opuma pantchito, amayi amasiye, anapereka. Malo anagulitsidwa kwa anthu ochuluka kwambiri kuposa amene zipinda zikanawalandira, ndipo nsanja ina ya hotelayo sinamalizidwe n'komwe. M'khoti, oimira boma anaonetsa kuti njirayi inalowetsa madola 158 miliyoni, ndipo madola 3.7 miliyoni anathera pa moyo wa Bakker mwini. Mu 1989 anapezeka wolakwa pa milandu 24 ya chinyengo, nalamulidwa kukhala m'ndende zaka 45. Chilangocho chinadzatsitsidwa kufika pa zaka 8, ndipo anatuluka mu 1994. Atatuluka anavomera poyera kuti chiphunzitso cha chuma chimene ankalalikira chinali cholakwika. Komabe anabwereranso pa kanema, ndipo mu 2020 chigawo cha Missouri chinamusumira chifukwa chotsatsa madzi ena ngati mankhwala a COVID-19.

Chimene chimandikhudza pa nkhaniyi si kukula kwa ndalama ayi. Ndi chakuti anthu onse aja ankatchedwa abwenzi, anzake a utumiki, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi mpata wofunsa kuti zipinda zilipo zingati ndipo malo agulitsidwa angati. Funso limodzi lokha limenelo likanaulula zonse. Anali abwenzi popereka, koma pofunsa anali alendo.

Mawu akuti "partner" anatipeza ifenso kudzera m'madishi aja anadzaza pamadenga m'matauni mwathu, pamene TBN, Emmanuel TV ndi ena analowa m'nyumba zathu. Lero alaliki athu omwe akuwagwiritsa ntchito, ndipo sakufunanso envulopu ndi sitampa. Airtel Money ndi Mpamba zili m'thumba la aliyense, abale athu a ku Johannesburg ndi ku London akuonera pa Facebook n'kutumiza nthawi yomweyo. Kale munthu ankagona kaye, kukacha n'kupita ku positi ofesi, ndipo panjira mtima unkatha kukhazikika. Tsopano pakati pa kutengeka mtima ndi kutuluka kwa ndalama pali mphindi imodzi. N'chifukwa chake mawu akuti "pulogalamu isanathe" ali oopsa. Amanenedwa dala kuti munthu asapeze mpata wofunsa mwamuna wake, mkazi wake, m'busa wake, ngakhale mtima wake womwe. Paulo polembera Akorinto anati aliyense apereke monga anatsimikizira mumtima, osati mwachisoni kapena mokakamizidwa. Kutsimikiza mumtima kumafuna nthawi. Wotchi yoikidwa pa kanema ndi chikakamizo, ngakhale itakutidwa ndi nyimbo zachitamando.

Ndipo taonani amene amayankha msanga pempho lotere. Si munthu amene zake zikuyenda. Ndi mayi amene mwana wake wadwala miyezi, bambo amene katapila wamukhala pakhosi, mtsikana amene wachedwa kupeza banja ndipo anthu ayamba kumunena, banja limene lakhala zaka popanda mwana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Njira yopezera ndalama imene imakolola kwambiri pamene anthu avutika kwambiri singakhale njira ya Uthenga Wabwino. Alaliki amakonda kutikumbutsa za mayi wamasiye amene anaponya timakobiri tiwiri m'bokosi la m'kachisi, pa Marko 12. Amaiwala kuti mavesi ochepa m'mbuyo mwake, m'chaputala chomwecho, Yesu akuchenjeza za alembi amene amadya nyumba za akazi amasiye n'kumapemphera mapemphero ataliatali pofuna kuoneka. Nkhani ziwirizi zinaikidwa moyandikana, ndipo tiyenera kuziwerengera pamodzi. Pa Machitidwe 8, Simoni wa ku Samariya atatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu, Petro sanamuuze kuti afese yochulukirapo. Anamuuza kuti ndalama yakeyo iwonongeke naye pamodzi, chifukwa anaganiza kuti mphatso ya Mulungu ingagulidwe. Ngati wogula analandira mawu owawa chotere, nanga wogulitsa?

Pali kupweteka kwina kumene sikuwerengedwa. Chozizwitsa chikapanda kubwera, wolakwa amakhala wopereka. Amauzidwa kuti chikhulupiriro chake chinachepa, kapena kuti mbewu inachepa, kapena kuti pali temberero la kumtundu. Azakhali anga sanakwiyire wailesi ija. Anadzikwiyira okha. Kwa masabata angapo ankadzifunsa tchimo limene anachita kuti Mulungu awadumphe pa anthu 50 aja. Ndalama zinabwezedwa, koma funso limenelo linatenga nthawi yaitali kuti lichoke mumtima mwawo.

Tsopano za kuwerengera ndalama. Pano ndiye ndimadabwa, chifukwa ife Akhristu a kuno timaidziwa bwino ntchito imeneyi. Pitani ku tchalitchi cha kumudzi chofolera ndi malata akutha. Mapemphero akatha, anthu awiri kapena atatu amalowa m'kachipinda kuseri n'kukhuthula mbale pa tebulo, kuwongola ndalama zamapepala zopindikapindika, kuunjika zachitsulo, wina akuwerenga wina akulemba m'kope. Sabata yotsatira mlembi amaima kutsogolo pa zolengeza n'kunena kuti chopereka cha sabata yatha chinali chakuti, cha Sande sukulu chakuti. Pa pepa sande, mlaga uliwonse kapena mphakati uliwonse umamva zimene wasonkha. Kumapeto kwa chaka msungichuma amawerenga lipoti, ndipo mayi wa Mvano kapena wa Chigwirizano amene sanapite patali ndi sukulu amatha kuimika mkono n'kufunsa kuti matumba a simenti anagulidwa angati, nanga awiri aja ali kuti. Palibe amene amati mayiyo wachimwa. Ngakhale banki mkhonde imene azakhali anakongolako ili ndi bokosi la maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana. Zikutheka bwanji kuti gulu la amayi a pansi pa mtengo wa mango lisamale ndalama kuposa utumiki umene ukulandira kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa?

Wailesi zimene zili pansi pa mipingo yodziwika, monga Luntha TV ya Akatolika ku Balaka kapena Hope Channel ya a Seventh-day Adventist, zili ndi akuluakulu pamwamba pake oti munthu angakadandauleko. Zimenezo sizitanthauza kuti sizingalakwe, ndipo nazonso ndikuzipempha kuti zizitiuza zambiri. Koma nkhawa yanga yaikulu ili pa mautumiki amene mwini wake ndi munthu mmodzi, bodi yake ndi mkazi wake ndi mlamu wake, ndipo nambala yolandirira chopereka ili m'dzina lake. Munthu wotere akhoza kukhala woona mtima kotheratu. Koma wadziika yekha pa yesero limene anthu ochepa angalipirire, ndipo waika oonera pamalo pomwe sangasiyanitse iyeyo ndi wakuba.

Mlaliki wa ku America Billy Graham anaona ngozi imeneyi adakali mnyamata. Mu 1948, m'chipinda cha hotela ku Modesto, California, iye ndi anzake atatu, Cliff Barrows, George Beverly Shea ndi Grady Wilson, anakhala pansi n'kutchula zinthu zimene zinkagwetsa alaliki oyendayenda. Choyamba chinali ndalama. Anagwirizana kuti sadzaumiriza anthu pa chopereka, ndipo kuti ndalama zizisamalidwa ndi makomiti a m'madera momwe akuchititsa misonkhano. Bungwe lake litakhazikitsidwa mu 1950, Graham anayamba kulandira malipiro okhazikika ngati wantchito wina aliyense, osati zonse zogwera m'mbale. Mu 1979 bungwe lakelo linali m'gulu la oyambitsa ECFA, mgwirizano wa mabungwe a Chikhristu amene amavomera kuti mabuku awo a ndalama aziunikidwa ndi akatswiri akunja, ndiponso kuti bodi isakhale ya pachibale. Mu 2007 Chuck Grassley, wa m'nyumba ya malamulo ya Senate ku America, analembera mautumiki 6 a pa kanema kuwafunsa za ndege, nyumba ndi magalimoto: a Kenneth Copeland, Creflo Dollar, Benny Hinn, Eddie Long, Joyce Meyer, ndi a Randy ndi Paula White. Ena anayankha mokwanira, ena anakana. Kafukufukuyo anatha mu 2011 popanda wolangidwa, ndipo chimodzi mwa zimene zinaonekera ndi chakuti malamulo a kumeneko salamula mipingo kupereka lipoti la pachaka ku bungwe la misonkho monga achitira mabungwe ena achifundo. Koma utumiki wa Joyce Meyer unalowa mu ECFA mu 2009. Kufunsidwa sikunauphe.

Ndikudziwa zimene abale ena anene. Ati wapereka kwa Mulungu, zotsala si zako. Ati usakhudze wodzozedwa wa Ambuye. Ena odziwa Malemba atchula 2 Mafumu 12, pamene akapitawo okonza kachisi sankafunsidwa za ndalama chifukwa anali okhulupirika. Ndimalemekeza mtima wosafuna kunyoza atumiki a Mulungu, ndipo nanenso ndinaleredwa momwemo. Koma werengani chaputala chimenecho kuyambira pachiyambi. Mfumu Yoasi inauza ansembe kuti azilandira ndalama n'kukonza kachisi, ndipo pofika chaka cha 23 cha ufumu wake ming'alu inali ikadali pomwepo. Apo m'pamene wansembe Yehoyada anatenga bokosi, n'kuboola chivundikiro chake, n'kuliika poonekera. Likadzaza, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe ankabwera onse awiri kudzawerenga. Kukhulupirirana kunabwera ndondomeko itakhazikika, ndipo ntchito ya akapitawo aja aliyense ankaiona ndi maso pa makoma a kachisi. Paulo, amene kudzozedwa kwake palibe angakukayike, posonkhanitsa thandizo la abale a ku Yerusalemu sanafune kunyamula yekha thumba. Pa 2 Akorinto 8 akunena za m'bale wosankhidwa ndi mipingo kuti ayende nawo, ndipo chifukwa chake akuchitchula: kuti pasapezeke wowanena pa mphatso yaikuluyo, pakuti ankafuna kuchita zabwino pamaso pa Ambuye komanso pamaso pa anthu. Mtumwi anadzipezera yekha womuyang'anira. Amene akukana kufunsidwa lero akudziika pamwamba pa Paulo.

Ena amati boma lilowererepo, liziyesa alaliki ndi kuwapatsa ziphaso. Ku South Africa, alaliki ena atadyetsa anthu udzu, kuwamwetsa petulo ndi kuwapopera mankhwala ophera tizilombo, bungwe la CRL, loona za ufulu wa zikhalidwe, zipembedzo ndi zilankhulo, linatulutsa lipoti mu 2017 lopempha kuti zipembedzo ziziyang'aniridwa, ndipo mipingo yambiri inakana. Ndikumvetsa mkwiyo umene unabala lipotilo, koma njirayo ndimaiopa. Dziko lino linaletsa Mboni za Yehova mu 1967, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993 anthu atazunzika, ena atathawira ku Mozambique ndi ku Zambia. Boma likapatsidwa mphamvu yosankha mlaliki woona ndi wonama, mawa lidzaigwiritsa ntchito pa mlaliki amene walidzudzula. Kuba ndi chinyengo zili kale ndi malamulo ake, ndipo wobera anthu atanyamula Baibulo ayenera kuonekera kukhoti ngati wakuba wina aliyense. Zotsalazo ndi ntchito yathu ife a mumpingo. Mabungwe monga Malawi Council of Churches ndi Evangelical Association of Malawi angathe kugwirizana mfundo zochepa zimene utumiki uliwonse wopempha ndalama pa kanema ungazivomere mwaufulu, kuti woonera azidziwa amene wavomera ndi amene wakana.

Kwa inu eni mawailesi ndi atsogoleri a mautumiki, pempho langa si lolemera. Tiuzeni kuti mwezi umodzi umadya ndalama zingati, ndipo zimapita kuti. Mukamapempha za kamera, kamerayo ikagulidwa tionetseni, ndipo ndalama ya kamera isakagule galimoto. Nambala yolandirira ikhale m'dzina la utumiki, osayinira ku banki akhale oposa mmodzi ndipo asakhale a nyumba imodzi. Kamodzi pa chaka perekani theka la ola, pa nthawi yomwe anthu ambiri amaonera, kuti msungichuma awerenge lipoti lounikidwa ndi akatswiri akunja, mafoni atatsegulidwa. Mnyamata wa kamera uja alandire malipiro ake mtsogoleri asanasinthe suti. Ndipo pemphero lisakhale ndi mtengo. Wopereka K500 ndi wosapereka kanthu apemphereredwe mofanana ndi wa K500,000, popanda mzere wapadera, popanda mafuta kapena madzi osungidwira amene afika pa mlingo wakutiwakuti. Mukamaona kuti woimba foni ndi munthu wovutika, khalani ndi mtima womuuza kuti, "Mayi, ndalamayo kagulireni mwana mankhwala, ife tikupemphererani." Mukhoza kutaya pang'ono usiku umenewo. Ndikukhulupirira kuti anthu amene adzakhala nanu zaka khumi ndi amene anamva mawu ngati amenewo.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinachimvepo pa kanema aliyense, ndipo ndimalakalaka nditadzachimva. Pa Eksodo 36, amisiri omanga chihema anapita kwa Mose n'kumuuza kuti anthu akubweretsa zochuluka kuposa zofunika. Mose analengeza mu msasa wonse kuti pasapezekenso wobweretsa chopereka. Anawaletsa. Ndipo pa chaputala 38 kulemera kwa golide, siliva ndi mkuwa zimene zinagwiritsidwa ntchito kwalembedwa, aliyense awerenge. Tsiku limene wailesi idzanena kuti "abale, za mwezi uno zakwana, zotsalazo kaperekeni ku mpingo kwanu", anthu adzadziwa kuti pempho lake limakhala ndi malire, ndipo ikadzapemphanso adzathamanga.

Za ku mpingo kwanuzi ndikuzinena dala, chifukwa ifenso oonera tili ndi mlandu wathu. Timatumiza K20,000 kwa mlaliki amene sadziwa dzina lathu, Lamulungu n'kuponya K200 m'mbale ya abusa amene amayenda pa njinga yakapalasa kudzationa tikadwala. Tsiku la maliro kanema sabwera kudzagona pa siwa. Amabwera ndi amayi a mumpingo ndi nkhuni pamutu, ndi achinyamata a kwaya amene amayimba mpaka mbandakucha. Kanema ndi wothandizira mpingo, ndipo chopereka chathu chizisonyeza zimenezo. Wailesi imene imakonda oonera ake iyenera kuwabweza ku mipingo yawo, osati kuwakoka kuti aisandutse tchalitchi chawo.

Wailesi imene ndimathandiza ili ndi sabata yake yopempha thandizo mwezi wamawa. Sinandilonjezepo chozizwitsa, ndipo n'chifukwa chake ndakhala nayo. Koma sinandiuzeponso kuti chaka chatha inalandira zingati. Ndatumiza kale kalata kwa oyang'anira, yaulemu, ya tsamba limodzi, yofunsa zimene zinalowa, zimene zinatuluka, ndiponso ngati anyamata a mu situdiyo akulandira pa nthawi yake. Anzanga anayi a mu kwaya amene nawonso amapereka asayinira pansi pa dzina langa. K5,000 yanga ya mwezi uno ndatumiza monga mwa masiku onse, ndipo kalatayo ndakaisiya ndekha pa ofesi yawo Lachiwiri.